Madala a pa Khonde: Gawo 6

Sabata yatha tinasiya a Chimwaza atatuluka ku Kachere, komwe anakhala masabata 6 akuchita mafizo sitiroko itawafooketsa dzanja ndi mwendo wakumanja. Mwana wawo Esinati, yemwe ali ku Johannesburg, anafuna kuti bambo akewo akakhale kumudzi, koma che Saidi, a Mateyu ndi a Nambewe anakanitsitsa. Pitirizani kuwerenga.

"Ayi neba, dzanja limenelo libwerere m'thumba," anatero che Saidi. "Pa khonde pano timasewera ndi lamanja."

A Chimwaza anabweza dzanja lamanzere uku akung'ung'udza. Anayang'ana lamanja lomwe linali litagona pa ntchafu, n'kulikweza pang'onopang'ono mpaka linafika pa thabwa la bawo. M'dzenje lomwe ankafuna kutakata munali nkhomo 6. Zala zinatsekuka movutikira, zinakumba, zinafumbata. Nkhomo zinayi zinakhala m'manja, ziwiri zinapulumuka n'kugubuduzika mpaka pa phazi la a Mateyu.

"Dzana zinagwa zinayi, lero ziwiri," anatero a Mateyu akuzitola. "Pofika Loweruka mudzakhala mukutidya tonse pano."

"Angadye ndani? Munthu wa Maule?" che Saidi anaseka. "Ameneyu ndakhala ndikumuthyola nyumba kuyambira nthawi ya Kamuzu. Asanamizire sitiroko."

A Chimwaza anaseka, pakamwa pakupendekera mbali imodzi. Poyamba ankachita manyazi ndi kuseka kotereku moti ankabisa nkhope ndi chipewa. Tsopano anali atasiya.

Kunja chiperoni chinali chitakwirira phiri la Bangwe, kamvula kowaza kakugwa mosalekeza pa malata a nyumba za kwa Namiyango. Mbaula inali pakati pawo. A Nambewe, omwe anagwira unamwino zaka zoposa 30 asanapume, anali atamaliza kupima BP ndipo ankalemba m'kope lawo la mizere.

"148 pa 90. Si zoipa, koma sizinafike pomwe ndikufuna ine. Mwamwa mankhwala m'mawa uno, achimwene?"

"Ndamwa, achemwali."

"Mdzukulu wanu Tadala akaweruka ndimufunsa. Ndipo mchere uja munabisa kuseri kwa wailesi ndautenga."

Ku Kachere anawapatsa kampira kofinya ndi pepala lojambulidwa zochita tsiku ndi tsiku. Kampirako a Chimwaza anakaponya pansi pa bedi tsiku lomwelo lomwe anafika pakhomo. Sikuti kanali kopanda ntchito ayi, koma nthawi iliyonse akakagwira kankawakumbutsa kuti ndi wodwala. Munthu amatopa ndi matenda, koma chomwe chimamumaliza msanga ndi kuonedwa ngati matenda okhaokha, aliyense wolowa pakhomo n'kumayankhula naye motsitsa mawu. Che Saidi sanatsutsane nawo za kampira. M'mawa mwake anangotulukira thabwa la bawo lili kukhwapa. Maenje 32, nkhomo 64, ndipo pofika masana zala zija zinkakhala zitatsekuka ndi kufumbata kambirimbiri mwini wake ali kalikiliki kuwerengera momwe angadyere nkhomo za mnzake.

Anayiwa anali ndi chitini chawo cha mkaka chomwe ankasunga a Nambewe. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mankhwala a ku famase anakwera moti penshoni ya munthu mmodzi sinkakwanira mwezi ukavuta. Aliyense ankaponyamo kangachepe pakutha pa mwezi, ndipo wosowa mankhwala ankatapamo popanda kufunsidwa mafunso. A Mateyu ankatapamo za chifuwa chawo, chomwe anabwera nacho ku migodi ya ku Joni. Anapita pa Wenela mu 1972, n'kubwerako Kamuzu ataletsa ulendowo chifukwa cha ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974. A Nambewe ankatapamo za shuga. Yemwe anali asanatapemo ndi kamodzi komwe anali che Saidi, ndipo onse ankawasirira.

"Ine mankhwala anga ndi makina osokera," ankatero. "Mwendo ukamapalasa, magazi amayenda."

Ubwenzi wa che Saidi ndi a Chimwaza unayambira pa khonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe, komwe che Saidi anali ndi makina awo a Singer. A Chimwaza, ali mnyamata wongolembedwa kumene ntchito ku Malawi Railways, anabweretsa yunifomu yomwe inawakulira. Asanagwirizane n'komwe mtengo anali atakangana kale za mpira, wina wa Bata Bullets, wina wa Wanderers. Tsiku limodzi lokha lomwe anakuwira mbali imodzi linali mu 1978 pa Kamuzu Stadium, Malawi itagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha East and Central Africa. Mmodzi anali mkulu wa mpingo ku CCAP, mnzake wosaphonya swala, koma pa maliro a mayi Chimwaza mu 2017, che Saidi ndi omwe anagona panja ndi mnzawo usiku wonse.

Ndi che Saidi omwewo omwe anamva mawu omwe a Chimwaza sanauzepo mwana wawo kapena abusa. Unali usiku wina wa mu March, ku Kachere.

"Che Saidi, munthu wodyetsedwa, wosambitsidwa, wovekedwa buluku ndi mdzukulu wamkazi, ameneyo akadali munthu? Bola Chauta akanangonditenga tsiku lomwe lija."

Che Saidi sanawadzudzule, sanawalalikirenso. Anapitiriza kusokerera batani pa malaya a mnzawoyo mpaka anadula ulusi ndi mano.

"Tandikumbutsani, a dalaivala. Sitima ya katundu mukainyamula pa Sankhulani kukwera mapiri a Thyolo nthawi ya mvula, mumatani?"

"Suthamangira ayi. Ukathamangira mawilo amangozungulira pamodzimodzi. Umathira mchenga pa njanji kuti agwire."

"Basi. Inu muzikoka, ife atatufe ndife mchenga."

Kuchokera pamenepo panabadwa ulendo wa masana aliwonse. Kuchoka pa geti la a Chimwaza kukafika kunyumba kwa che Saidi panali mapolo a magetsi angapo, ndipo che Saidi anawapatsa maina a masiteshoni a njanji ya kummwera yomwe mnzawoyo anayendetsamo sitima mpaka Malawi Railways itaperekedwa m'manja mwa kampani ya CEAR mu 1999. Geti linali Limbe. Polo loyamba Luchenza, lachiwiri Sandama, lachitatu Makhanga. Kupitirira apo panali ngalande yakuya yokhala ndi matabwa awiri owolokerapo, yomwe anaitcha Chiromo. Kutsidya kunali Bangula, ndipo khomo la che Saidi linali Nsanje.

Lachitatu limenelo kamvula katadukiza, sitima inanyamuka. A Mateyu kumanzere, che Saidi kumanja, ndodo patsogolo. Ana a m'makwalala anali atazolowera ndipo ankathamangira kutsogolo akulira ngati huta. Anadutsa Luchenza osapuma. Pa Sandama anaima pang'ono kuti a Mateyu atsokomole. Kenako, koyamba chidwalireni, a Chimwaza anagunda polo la Makhanga ndi chikhatho cha dzanja lamanja.

"Lero tithere pomwe pano," anatero akupuma mwawefuwefu, maso ali pa matabwa oterera a pa ngalande. "Ngakhale sitima yeniyeni inkathera pa Makhanga madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997."

"Imeneyo inali ya boma. Yathuyi ifika ku Nsanje, Insha Allah," anatero che Saidi. "Tsiku lomwe mudzagogode pa chitseko changa ndi miyendo yanu, ndidzapha tambala uja."

Pobwerera, a Chimwaza anamva kuti phewa lomwe anatsamira linali lolasa, fupa lokhalokha pansi pa jekete. Anaganiza zofunsa, koma mtima wawo unali utadzaza ndi Makhanga.

Tadala atabwera kusukulu anaphika nsima ya mgaiwa, usipa wothira tomato ndi mpiru wotendera. Onse anasamba m'manja. Che Saidi anatema kambamu kakang'ono, anakakanya nthawi yaitali, anakaviika mu msuzi mpaka kanasungunuka. Atameza anakhala duu, dzanja lili pa chifuwa. Kenako anadzuka mwaulemu n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Agogo a Saidi sakudya masiku ano," anatero Tadala motsitsa mawu. "Dzulonso ndinawapeza akulavula kuseri kwa bafa."

"Amati amadya kwawo asanabwere," anayankha a Mateyu.

"Wowaphikira ndani, poti akazi awo, abiti Yusufu, ali ku Namwera kwa mwana wawo uja anachira?"

A Nambewe sanayankhule. Anayang'ana mbale ya che Saidi nthawi yaitali, ndipo mwini wake atabwerera akupukuta pakamwa, anamufunsa mosapsatira.

"Achimwene, mukumeza bwino?"

"Mnofu wa usipa uli ndi minga, achemwali. Ife a kunyanja tinazolowera chambo." Anaseka, ena n'kusekanso nawo, kupatula a Nambewe.

"Lachisanu mukachoka ku mzikiti mundipeze kunyumba. Tikambirane."

"Ndamva, a nesi."

Dzuwa litapendeka che Saidi anatsanzika. Moto wa mbaula unali utawatenthetsa moti anavula jekete n'kuikoleka pa mpando, ndipo pochoka anaiiwala pomwepo.

Lachinayi kunacha kozizira kuposa dzulo lake. Tadala anapita kusukulu 6 koloko itangokwana. A Nambewe anali ku Mvano, a Mateyu analawirira ku Limbe kukaima pa mzere wa ku banki. A Chimwaza anadzikokera pa khonde, anayala okha nkhomo m'maenje ndi dzanja lamanja, n'kukhala kudikira. Che Saidi sankadutsitsa 9 koloko. Wailesi inalengeza 10 koloko. Anaimba foni, koma inangoti nambalayo sikupezeka. Anaimbanso kawiri, chimodzimodzi.

Mphepo itawalowa m'mafupa anatambasula dzanja n'kutenga jekete ija kuti afunde m'miyendo. Anaidziwa bwino jeketeyo. Che Saidi anaisoka okha pokonzekera ukwati wa Esinati mu 2003, nthawi yomwe anali ndi thupi lodzaza chitseko. Poitembenuza, maso awo anagwera mkati. M'mbali monse munali mizere ya ulusi, wina pambali pa unzake, wakale wofiirira, watsopano wakuda bii. Jekete inali itabwezedwa katatu kapena kanayi. N'chifukwa chake palibe yemwe anaona zovala zikukhwepa pa thupi la che Saidi. Telala ankachepetsa nsalu thupi likamachepa.

M'thumba la mkati munali chinthu cholimba. Linali buku la kuchipatala, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki.

A Chimwaza anakulira m'mwambo woti za m'thumba mwa mnzako si zako. Analigwira nthawi yaitali osalitsegula. Kenako anakumbukira dzanja lija pa chifuwa, ndi nkhope ya a Nambewe, n'kuvala magalasi.

Zolemba za madokotala sankatha kuziwerenga, koma masiku ankaoneka bwino. Tsamba loyamba la chaka chino linali la pa 16 January. Iwo sitiroko inawagwetsa pa 9 February. Masamba otsatira anali a mu February ndi March, ndipo atawerengetsa anapeza kuti ndi masiku omwe aja che Saidi ankafika mochedwa ku Kachere n'kumadandaula za maminibasi. Kachere ndi chipatala cha Gulupu n'zoyandikana. Munthuyo ankachoka pa mzere wake wa odwala, n'kubisa buku m'thumba, n'kudzalowa m'chipinda cha mnzake akuseka za mpira.

Pa tsamba la mu April panali dzina lomwe a Chimwaza sankafunika wowamasulira: Tiyanjane. Kumeneko ndi komwe ankapita ndi malemu akazi awo miyezi yomaliza, komwe amasamalira anthu omwe matenda awo afika posachiritsika, kuti ululu uchepe ndipo masiku otsalawo akhale opepukirako. Pambali pa zolembazo wina anajambula kachithunzi ka mmero, n'kudetsa ndi cholembera malo amodzi pakati.

Buku linagwera pa miyendo. Khansa ya kummero a Chimwaza ankaidziwa, monga momwe mabanja ambiri akuidziwira, pakuti Malawi ali m'gulu la maiko omwe matendawa ndi ochuluka kwambiri pa dziko lonse. Mnzawo wina wa ku njanji anapita nayo. Imayamba ndi kukana nyama ndi nsima, kenako phala, pomalizira ngakhale madzi. Ndipo ambiri amafika nayo kuchipatala mochedwa, chifukwa munthu wamkulu sathamangira kwa dokotala kaamba kongotsamwa.

Misozi sinabwere. Chomwe chinabwera ndi mkwiyo. Miyezi inayi yathunthu akudandaulira munthu za dzanja, za mwendo, za manyazi osambitsidwa, mpaka kumuuza kuti bola kufa, chonsecho womvetserayo atanyamula imfa yake m'thumba la jekete. Sanatape m'chitini chifukwa a Nambewe akanafunsa dzina la mankhwala. Anatumiza akazi awo ku Namwera kuti asaone mbale zikubwerera zosakhudzidwa.

Anaimbira a Nambewe. Foni inali yozimitsa, monga mwa lamulo la ku Mvano. Anaimbira a Mateyu.

"Achimwene, siyani mzerewo. Bwerani kwa che Saidi pompano."

"Kwagwanji? Ndatsala pang'ono kufika pa kauntala."

"Ndati siyani! Mukandipeza komweko."

"Ndikakupezani kuti? Inu musayerekeze kutuluka nokha, kunja kukuterera! Mwamva, achimwene? Dikirani ndikwere minibasi!"

A Chimwaza anadula foni. Anaika buku m'thumba la malaya, anakoloweka jekete ya mnzawo paphewa, anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere. Kwa aneba kunali kotseka, onse ali kumsika. Kabaza wa njinga yamoto anadutsa n'kuliza huta, koma ndi mwendo umenewo sakanatha kukhala pa chishalo. Anatsegula geti.

Luchenza anafikapo mosavuta, mkwiyo ukuwakankha. Pa Sandama mwendo wakumanja unayamba kukwakwaza, nsonga ya nsapato ikukolopa matope. Anakumbukira mawu a mtsikana wa mafizo uja: kwezani bondo, chidendene chiyambe kuponda. Anawerenga mokweza. Bondo, chidendene, ndodo. Bondo, chidendene, ndodo. Mayi wina wogulitsa makala anawafunsa ngati akufuna thandizo, koma pamutu pake panali thumba, kumbuyo mwana, ndipo iwo anangopukusa mutu.

Pa Makhanga anakumbatira polo, mtima ukugunda m'makutu. Anaganiza za 148 ya a Nambewe, n'kudziwa kuti pano yadutsa pamenepo kutalitali. Patsogolo pawo madzi ofiira ankathamanga m'ngalande, matabwa awiri aja akunyezimira ndi ndere.

Ndodo sinkakwana kuwasunga pa matabwa amenewo. Mbali yakumanja kunali waya wokhuthala yemwe wina anamanga kuti ana azigwira powoloka. Kumanja. Anayang'ana dzanja lawo, analikweza, anatsekula zala monga amachitira pa dzenje la nkhomo, n'kufumbata wayayo. Unali wozizira, ndipo anaumva kuzizirako mpaka m'chigongono. Phazi lamanzere linakwera pa thabwa. Lamanja linatsatira mokokedwa. Pakatikati thabwa linanyutuka, ndodo inaterereka n'kugwera m'madzi, ndipo anaiona ikupita. Thupi lonse linalendewera pa zala zinayi ndi chala chachikulu zomwe miyezi inayi yapitayo sizinkatha kugwira supuni.

Zala zinagwira.

Momwe anafikira kutsidya sanathe kufotokoza pambuyo pake. Bangula anadutsa akugwira mpanda wa anthu, njerwa ndi njerwa. Atakweza maso anaona mtengo wa mapeyala ndi chitseko chobiriwira. Tambala uja anali kuyendayenda pabwalo, nkhuku zina zikulira m'khola lomwe linali lisanatsegulidwe chichereni.

"Odi! Odi kuno! Che Saidi, sitima yafika ku Nsanje!"

Zii. Mkati wailesi inkayankhula yokha motsitsa.

Anagogoda ndi chibakera. Anakankha chitseko ndi phewa, koma chinali chopiringidzidwa mkati. Anatsata khoma mpaka pa zenera la chipinda chosokera, pomwe katani inasiya kampata, n'kuphimba maso ndi dzanja kuti aone bwino.

Makina a Singer anali ovindikiridwa, chinthu chomwe sanachionepo masana pa zaka zonse zomwe anadziwana. Pa tebulo lodulira panali nsalu yoyera mbee, yodulidwa zidutswa zitatu, zopindidwa bwinobwino china pamwamba pa chinzake. A Chimwaza anaperekeza maliro ambiri a Chisilamu ndipo ankadziwa kuti mwamuna amakulungidwa m'nsalu zingati. Pamwamba pa nsaluyo panali envelopu, ndipo ngakhale kudzera pa galasi lakuda ndi fumbi anatha kuwerenga dzina lawo lolembedwa ndi choko cha telala.

Kenako anayang'ana pansi. Kuseri kwa tebulo kunkaonekera mkeka wopempherera, ndipo pa mkekapo panali mapazi awiri opanda nsapato, atagona cham'mbali.

"Che Saidi! Neba! Ndine Chimwaza!"

Anamenya galasi ndi chikhatho mpaka linachita mng'alu. Mapazi aja sanasunthe.

Anawerama movutikira kuti atole njerwa yoti aswere zenera. Asanaikweze, wailesi ija inazima mwadzidzidzi. Anaima chilili, njerwa ili m'manja. Anasuzumiranso: mapazi anali pomwe paja, momwe muja. Koma mkati mwa nyumba munamveka kuyenda, kuchokera kuchipinda chogona kulunjika kukhomo, ndipo mpiringidzo wa chitseko unayamba kusuntha.

Isakuphonyeni sabata yamawa.